Woimba, wazisudzo kapena wampira akafuna upulezidenti: adzere khomo liti?

Pa 16 Sepitembala 2025, papepala lovotera mtsogoleri wa dziko padali nkhope imene Amalawi adaizolowera kalekale isadafike pachitenje cha chipani. Ndikunena Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, munthu amene agogo kumudzi ndi ana asukulu omwe angamuzindikire pongomva mawu ake pawailesi. Sadali wazisudzo chabe. Adagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ADRA, adakhalapo nduna, ndipo panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, mpando umene adaulandira mu Juni 2024 Saulos Chilima atamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa. Adaima ndi chipani chakechake cha Odya Zake Alibe Mlandu. Mavoti atawerengedwa, Peter Mutharika adatenga pafupifupi 57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 33, ndipo Usi sadakwanitse ngakhale voti imodzi pa mavoti 100 alionse.

Sindikutchula izi pofuna kunyoza munthu. Ndikuzitchula chifukwa anthu akamatsutsana m'minibasi kapena pa Facebook kuti woimba wakutiwakuti "ataima atha kuwina", amawerengera chinamtindi cha anthu chimene chimadzaza bwalo akamaimba. Koma anthu amene amakukonda uli pansanja ndi anthu amene angakupatse dziko kuti uliyendetse si gulu limodzi nthawi zonse.

Malamulo aakulu a dziko lino saletsa munthu wotchuka kuima. Ndime 80 imafuna kuti akhale Mmalawi wobadwira kuno kapena wobadwa kwa makolo a Chimalawi, ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Sifunsa digiri, sifunsa ngati adakhalapo phungu. Ine ndikugwirizana nazo zimenezo. Amene adasolola ndalama za boma pa Cashgate mu 2013 sadali oimba kapena osewera mpira. Adali anthu amasuti, amapepala awo okwanira, okhala m'maofesi ku Capital Hill. Choncho kunena kuti waluso asayandikire mpando chifukwa choti ndi waluso ndi tsankho lopanda mutu. Nkhani imene ili ndi phindu ndi yakuti munthu wotere ali ndi makomo angapo patsogolo pake, ndipo lililonse lili ndi mtengo wake, kwa iye mwini komanso kwa ife omuonerera.

Kulumphira pampando waukulu

Khomo loyamba ndi limene limakoma kulikamba: lero uli pakanema, mawa uli kunyumba ya boma, osadzera kukhonsolo kapena ku Nyumba ya Malamulo. Zidachitikapo ndithu. Ku Ukraine, Volodymyr Zelensky ankasewera pakanema ngati mphunzitsi wamba amene adangopezeka wasankhidwa kukhala pulezidenti, ndipo mu Epulo 2019 zosewerazo zidasanduka zenizeni pamene adagonjetsa Petro Poroshenko ndi mavoti 73 pa 100 alionse. Ku Guatemala mu 2015, pulezidenti Otto Pérez Molina atatula pansi udindo chifukwa cha katangale wa msonkho wa m'zipata, anthu adasankha Jimmy Morales, wanthabwala wapakanema amene uthenga wake wonse udali wakuti iye si wakatangale ndipo si mbava. Ku Haiti mu 2011 adasankha woimba Michel Martelly.

Maiko atatuwa ali kutalikutali, koma chidachitika n'chimodzi. Anthu adatopa ndi andale amene adawazolowera. Mtima ukafika pamenepo, wovota safunafunanso wodziwa ntchito. Amafunafuna amene manja ake sadadetsedwe. Munthu wotchuka amapindula nazo, chifukwa dzina ali nalo kale ndipo alibe mbiri ya muofesi imene adani angaifukule.

Vuto limayamba m'mawa mwake atalumbira. Pulezidenti sayendetsa dziko yekha. Ayenera kupeza nduna, alembi aakulu a maunduna, akazembe, mkulu wa apolisi, mkulu wa asilikali, gavanala wa banki yaikulu. Munthu amene walumpha alibe gulu la anthu amene adagwira nawo ntchito ya boma n'kuwayesa pa zovuta. Ndiye amatenga anzake a kuntchito yakale, kapena amagwera m'manja mwa omwe aja anthu adawakana. Morales adaimira chipani chimene chidayambitsidwa ndi asilikali opuma ntchito, ndipo pasadathe zaka ziwiri adayamba kulimbana ndi CICIG, bungwe lothandizidwa ndi United Nations limene lidavumbula katangale wa Pérez Molina uja, litayamba kufufuza ndalama za kampeni yake. Pofika 2019 bungwelo lidatsekedwa. Martelly adalephera kuchititsa chisankho cha aphungu panthawi yake, mpaka mu Januwale 2015 Nyumba ya Malamulo idatha mphamvu iye n'kumalamulira yekha.

Zelensky ndiye amene ochirikiza khomo limeneli amamutchula kwambiri, ndipo ali ndi chifukwa. Russia italowa m'dziko lake pa 24 Febuluwale 2022 sadathawe ku Kyiv, ndipo luso lake loyankhula pamaso pa kamera lidathandiza kuti maiko ena amve kulira kwa Ukraine. Pamenepo ntchito yake yakale idakhala chida chenicheni. Komabe nayenso adafika ndi anzake. Ivan Bakanov, mnzake wapaubwana amene ankayendetsa kampani yawo ya zisudzo, adamuika kukhala mkulu wa nthambi yachitetezo ya dziko, ndipo mu Julaye 2022, nkhondo ili mkati, adakakamizika kumuchotsa. Tisaiwalenso kuti patangotha miyezi itatu Zelensky atawina, chipani chake chidatenga mipando yoposa theka mu Nyumba ya Malamulo. Mwayi wotere suoneka kawirikawiri.

Tsopano tibwere nazo kwathu. Chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chidakhazikitsa kuti wopambana apeze mavoti opitirira theka. Zoti munthu angazembere pakati ndi kagawo kochepa ena atagawana mavoti zidatha. Voti yathu imatsatanso zigawo kwambiri, ndipo woimba amene amavinidwa ku Karonga, ku Dedza ndi ku Nsanje mofanana adzaona kuti tsiku lovota anthu omwewo abwerera kuzipani za kwawo. Ndiye palinso ntchito imene sioneka pa kanema. Usiku wa tsiku lachisankho, m'kalasi ya pulayimale kutali ndi tala, mavoti amawerengedwa ndi nyali, ndipo aliyense woima amafunika monita wake amene wakhala pamenepo kuyambira m'bandakucha, wadya, ali ndi foni yoti ili ndi moto ndi mayunitsi, ndipo sachoka mpaka atasaina pepala la zotsatira n'kulijambula. Malo otere alipo masauzande. Otsatira a pa Facebook sasanduka mamonita mwa iwo okha. Zimenezi zimafuna mabulanchi, maeriya, magavanala, galimoto ndi mafuta, zinthu zimene zipani zazikulu zidamanga kwa zaka zambiri.

Ngakhale atawina, bajeti imadutsa ku Nyumba ya Malamulo ya aphungu 229. Amene tidaona ulamuliro woyamba wa Bingu wa Mutharika tikukumbukira zimene zidachitika atatuluka mu UDF mu 2005 n'kukhala ndi aphungu ochepa: chaka ndi chaka bajeti inkakanirira pa mkangano wa ndime 65 ya malamulo aakulu, yokhudza aphungu osintha zipani. Ameneyo adali katswiri wa zachuma amene adagwirapo ntchito ku COMESA. Nanga waluso wofika ndi aphungu asanu? Ine khomo ili sindingalangize munthu aliyense amene ndimamufunira zabwino, ndipo ngati wovota ndimaliopa kuposa ena onse.

Kuyambira pansi n'kumakwera

Khomo lachiwiri ndi lochedwa. Anthu amakonda kunena kuti Ronald Reagan adachoka m'mafilimu n'kukhala pulezidenti wa America, koma amadumpha zimene zidali pakati. Adatsogolera bungwe la anthu ochita mafilimu kwa zaka zingapo, kukambirana za malipiro ndi eni makampani mpaka kutsogolera sitalaka mu 1960. Adalamulira California ngati gavanala kuyambira 1967 mpaka 1975. Adayesa kuti chipani chake chimusankhe mu 1976 n'kugonja. Pamene ankawina mu 1980 adali wandale wokhwima amene kale adali wamafilimu.

Kuno ku Africa chitsanzo ndi George Weah wa ku Liberia, katswiri wa mpira amene adalandira mphoto ya Ballon d'Or mu 1995. Iye adayesa kaye kulumpha. Mu 2005 adatsogola m'gawo loyamba la chisankho koma adagonja kwa Ellen Johnson Sirleaf m'gawo lachiwiri, anthu akumunena kuti sukulu idamuchepera. Sadanyanyale. Adabwerera kusukulu n'kukatenga digiri ku America, mu 2011 adavomera kuima ngati wachiwiri kwa Winston Tubman, mu 2014 adawina mpando wa seneta wa Montserrado, ndipo pomaliza mu Disembala 2017 adagonjetsa Joseph Boakai. Zaka 12 akudikira ndi kuphunzira.

Ubwino wa njira iyi uli pawiri. Waluso amaphunzira mmene boma limayendera: momwe bilu imasandukira lamulo, chifukwa chake ndalama zolembedwa mubajeti sizifika kuchipatala, momwe ungagwirire ntchito ndi munthu amene sumukonda. Ifenso ovota timapeza chomuyezera. Kuitanira anthu mpaka minibasi kudzaza ndi luso, koma kuitsitsa bwino pamtsetse wa Zalewa usiku mvula ikugwa ndi ntchito ina, ndipo ndi bwino tiyambe tamuona munthu akuyendetsa paulendo waufupi.

Koma tisanamizane kuti makwerero amayeretsa munthu. Joseph Estrada wa ku Philippines, katswiri wa mafilimu amene ankasewera ngati mtetezi wa amphawi, adakwera sitepe iliyonse: meya wa San Juan kuyambira 1969, seneta mu 1987, wachiwiri kwa pulezidenti mu 1992, pulezidenti mu 1998. Mu Januwale 2001 anthu adamuchotsa ndi zionetsero pa nkhani ya ndalama za juga yoletsedwa, ndipo mu 2007 khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wosakaza chuma cha dziko. Zaka pafupifupi 30 m'maudindo zidamuphunzitsa ndale, koma sizidasinthe khalidwe lake. Weah naye ulamuliro wake sudakhale wosalala. Adachotsa fizi m'mayunivesite a boma mu 2018, komatu mu 2022 America idaika ziletso pa akuluakulu atatu a boma lake, kuphatikizapo mkulu wa ofesi yake, Nathaniel McGill, pa nkhani za katangale. Chakumapeto kwa chaka chomwecho adakhala kunja kwa dziko milungu yambiri, mwa zina kukaonerera mwana wake akusewerera America ku World Cup ku Qatar, kwawo anthu akudandaula za kukwera mtengo kwa zinthu.

Kwathu kuno sitepe yoyamba yomweyi ndi yoterera. Malemu Lucius Banda adawina mpando wa Balaka North mu 2004 pansi pa UDF. Mu 2006 adautaya atamangidwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, panthawi imene adali m'gulu la aphungu olimbana ndi Bingu, ndipo adatuluka m'ndende atachita apilo. Adabwereranso mu 2014 n'kugonja mu 2019. Billy Kaunda naye adakhalapo phungu. Koma mu 2019 momwemo Tay Grin ku Lilongwe ndi Fredokiss ku Blantyre, anyamata amene achinyamata a m'tauni amaimba nawo mawu ndi mawu, onse adagonja pa mipando ya uphungu. Ngati dera limodzi la m'tauni likuvuta chotere, dziko lonse lingakhale bwanji?

Ndipo amene wawina amapeza kuti uphungu wa kuno si wongoyankhula m'Nyumba ya Malamulo. Tambala asadalire foni yalira kale: kwagwa maliro, pakufunika bokosi ndi galimoto yonyamula thupi, mwana wasankhidwa kupita kusekondale koma fizi palibe, mjigo wafa, mlatho wakokoloka. Anthu amaganiza kuti woimba wotchuka ndi wolemera, pamene ambiri mwa oimba athu amadalira mashoo a kumapeto kwa sabata ndi kandalama ka ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa luso. Theka la anthu amene ankagula matikiti limayambanso kumuona ngati wa chipani chija. Amene akufuna kudzera apa awerengere zimenezo asadapereke kalata kwa MEC. Komabe pa makomo onse olowera m'boma, ili ndi limene ndimalilemekeza, chifukwa munthu amalipira mtengo wake ndi thukuta lake asadatipemphe chinthu chachikulu.

Pali kanjira kena kapafupi ndi aka: kulowa m'chipani chakale n'kuchitenga pa konivenshoni. Lazarus Chakwera sadali woimba, koma dzina lake adalipangira paguwa, akutsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013. Adatenga utsogoleri wa MCP mu 2013, adakhala phungu ndi mtsogoleri wa otsutsa boma, ndipo adawina mu 2020 ndi mgwirizano wa Tonse. Dzina lochokera kunja kwa ndale lidagwira ntchito chifukwa lidakwera pamsana pa chipani chokhala ndi mizu. Mmene adayendetsera dziko ndi nkhani imene ovota adaiyankha okha mu 2025, atadutsa m'mizere ya mafuta ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023.

Pamene dzina limakhala chishango

Pali maiko ena kumene funso loti "kodi ali ndi luso loyendetsa boma" silikhala loyamba, chifukwa amene ali pampando salola wina aliyense kukula. Ku Uganda, Yoweri Museveni wakhala akulamulira kuyambira 1986. Woimba Robert Kyagulanyi, amene timamudziwa kuti Bobi Wine, adakulira ku Kamwokya, dera la anthu osauka mu Kampala, ndipo adayamba ndi uphungu wa Kyadondo East mu 2017. Mu Ogasiti 2018 ku Arua dalaivala wake adaomberedwa n'kufa, iye n'kumangidwa. Mashoo ake adaletsedwa. Atamumanganso mu Novembala 2020, anthu oposa 50 adaphedwa pa zionetsero. Pachisankho cha Januwale 2021 adamulengeza kuti wapeza pafupifupi 35 pa 100, zotsatira zimene adazikana, ndipo chipani chake cha National Unity Platform chidakhala chachikulu mwa zotsutsa.

Apa kutchuka kumagwira ntchito imene wandale wamba sangaigwire. Munthu wosadziwika akhoza kusowetsedwa dziko osadziwa, koma woimba akamangidwa nkhani imafika ku London tsiku lomwelo. Sindingamuuze Bobi Wine kuti akadakhala ku studio. Koma khomo ili ndi la malo amene makomo ena adatsekedwa. Malawi adasintha boma kudzera m'bokosi mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025. Waluso wa kuno amene angadzifanizire ndi Bobi Wine ayambe watiuza kuti ndani wamutsekera njira.

Unduna, upangiri ndi kukhala wachiwiri

Woimba Youssou N'Dour adafuna kuima ku Senegal mu 2012 pofuna kuletsa Abdoulaye Wade kulamulira kachitatu. Khoti loona za malamulo aakulu lidamukana ponena kuti masiginecha ake ovomerezeka sadakwane. Adachirikiza Macky Sall, ndipo Sall atawina adamupatsa unduna wa zachikhalidwe ndi zokopa alendo. Ku Brazil, Pelé adakhala nduna ya zamasewero kuyambira 1995 mpaka 1998, ndipo lamulo lotchedwa dzina lake lidamasula osewera mpira kuti asamamangidwe ndi kalabu kontalakiti itatha. Woimba Gilberto Gil adayendetsa unduna wa zachikhalidwe kuyambira 2003 mpaka 2008 n'kutsegula njira yoti ndalama za boma zizifika kutimagulu taluso ta m'madera osauka. Kuno malemu Du Chisiza Jr wa gulu la zisudzo la Wakhumbata adakhalapo nduna chakumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu, Michael Usi adayamba ndi unduna wa zokopa alendo ndi chikhalidwe mu 2020, ndipo Lucius Banda adamwalira mu Juni 2024 ali mlangizi wa pulezidenti pa za achinyamata ndi luso.

Khomo ili lili ndi nzeru yake. Munthu amagwira ntchito pa chinthu chimene akuchidziwa ndi thupi lake lomwe. Woimba amene adaonapo nyimbo zake zikukopedwa m'mamemori kadi pamsika iye osalandira kanthu safunika kumufotokozera chifukwa chake malamulo a umwini wa luso ali ofunika. Akalephera, wolakwika ndi unduna umodzi, ndipo kumuchotsa sikudikira zaka zisanu.

Choipa chake n'chakuti mpando woterewu ndi wopatsidwa. Wopereka akhoza kufuna dzina lako lokha kuti liwalitse boma lake, n'kukupatsa unduna wa bajeti yochepetsetsa, galimoto ndi mbendera. Nduna siingadzudzule boma limene ikudyamo. Kukhala wachiwiri pa tikiti ya wina n'chimodzimodzi, koma kuli ndi kulemera kwina kumene Amalawi tikukudziwa bwino: mu Epulo 2012 Bingu atamwalira, Joyce Banda adatenga mpando pasadathe masiku atatu. Chipani chikamasankha munthu wotchuka kukhala wachiwiri pofuna kukopa achinyamata, ife tizimuyeza ngati amene angadzuke mawa ali pulezidenti.

Kuimbira wina pamsonkhano

Ili ndi khomo limene ambiri amadzera, ndipo sindikhalitsapo. Malole atsitsa anthu, amayi avala zitenje za chipani, dzuwa lili paliwombo, mtsogoleri wachedwa ndi maola atatu, ndipo amene akugwira anthu kuti asabalalike ndi woimba. Amalipidwa, nthawi zina mochedwa, ndipo ali ndi ana oti awadyetse, sindimuweruza. Koma amabwereketsa chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa iye kwa munthu amene sadzamufunsa maganizo akalowa m'boma. Chipani chikagwa, nyimbo ija imamukanirira kwa zaka. Amene wasankha kutero aziimba chifukwa akukhulupiriradi munthuyo, ndipo azinena poyera ngati walipidwa.

Kukhala kunja, pakamwa pali potsegula

Khomo lotsiriza ndi losalowa n'komwe, ndipo anthu amalipeputsa ngati ndi mantha. Ine ndikuona kuti pa aluso khumi, asanu ndi anayi angatithandize kwambiri ali pamenepa.

Taganizirani chimene chidamupangitsa Lucius Banda kutchedwa Soja. Sudali mpando wa ku Balaka. Zidali nyimbo zimene kuyambira 1994 zinkanena za mphawi, za ndende, za atsogoleri oiwala kumene adachokera, panthawi imene anthu adali atangoyamba kuphunzira kuyankhula mokweza. Nyimbozo zidafika kumene phungu aliyense sangafike. Atavala mtundu wa chipani, mawu omwewo ena adayamba kuwamva ngati kampeni. Malemu Evison Matafale sadaimepo pachisankho chilichonse, koma kalata yake yodzudzula boma idaopsa akuluakulu mpaka adamumanga, ndipo adafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Ku Mozambique, woimba Azagaia sadakhalepo phungu, koma atamwalira mu Malichi 2023 achinyamata adadzaza misewu ya Maputo apolisi n'kuwathira utsi wokhetsa misozi, ndipo mawu a m'nyimbo zake ndi amene ankamveka pa zionetsero zotsatira chisankho cha 2024. Ku Ivory Coast, Didier Drogba ndi anzake atapeza malo ku World Cup mu Okutobala 2005 adagwada pamaso pa kamera m'chipinda chovalira ku Sudan kupempha mbali zonse za nkhondo kuti zitule zida, ndipo mu 2007 adapempha kuti masewero a timu ya dziko akachitikire ku Bouaké, likulu la zigawenga. Adamveka kumbali zonse ziwiri chifukwa sankafuna mpando wa wina aliyense.

Andale ndi ambiri kale. Pachisankho cha 2025 ofuna upulezidenti okha adalipo 17. Chimene chimasowa ndi munthu amene wa MCP, wa DPP, wa UTM ndi wa UDF onse angamumvere akanena kuti m'chipatala mulibe mankhwala, kuti feteleza wotsika mtengo wafika chimanga chitamasula kale, kuti ku ADMARC anthu agona pamzere. Waluso akalowa m'chipani timapeza wandale mmodzi woonjezera, n'kutaya mmodzi mwa anthu ochepa oterewa.

Ndikudziwa kuti khomo ili lili ndi malire. Nyimbo siisaina bajeti. Munthu akhoza kuimba za njala zaka 20 n'kufika potopa, n'kunena kuti bola ndikalowe ndikakonze ndekha, ndipo kutopa kumeneko ndi koona. Kunja kulinso zoopsa zake, monga imfa ya Matafale ikutikumbutsa, ndipo wailesi ndi makampani oopa boma akhoza kukutsekera pakamwa posakupatsa ntchito. Amene wafika potopa chotere sindingamuletse. Ndingomupempha kuti adzere khomo lachiwiri lija.

Akabwera kudzapempha voti

Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo mosakayika nkhope ina yodziwika idzatulukira. Ine ndikadzamuona ndidzayamba ndi kufunsa chimene adayendetsapo. Sichiyenera kukhala boma. Bandi ya anthu 15 imene amailipira panthawi yake, kampani, bungwe la oimba, timu ya mpira, sukulu: kodi amene adagwira naye ntchito amamunena zotani, ndipo mabuku a ndalama adali poyera? Oimba ake akumbuyo ngati amadandaula kuti shoo ikatha bwana amazimitsa foni, ndiye kuti tadziwa kale mmene adzachitire ndi aphunzitsi.

Kenako ndidzafuna kudziwa amene ali kumbuyo kwake, maina awo enieni. Ndani akulipira malole ndi zitenje? Ndani adzakhale nduna ya zachuma? Lamulo la zipani la 2018 limafuna kuti zipani ziziulula thandizo lalikulu la ndalama limene zalandira, ndipo munthu amene akudzitcha watsopano ayenera kukhala woyamba kulitsata. Ndidzafunanso kumumva akuyankha mafunso kwa ola lathunthu popanda gitala kapena nthabwala: ndalama zakunja zidzachokera kuti fodya akamatsika, ngongole ya boma adzaibweza bwanji, adzauza chiyani a IMF akadzati kwacha igwenso. Sayenera kudziwa zonse, koma azionetsa kuti adakhala pansi n'kuphunzira, ndipo akhoza kupirira mtolankhani womutsutsa. Munthu amene wakhala zaka zambiri akuomberedwa m'manja nthawi zina zimamuvuta kumva mawu oti ayi.

Pa mfundo yomalizayi George Weah, ndi zofooka zake zonse, adachita chimene atsogoleri ambiri ophunzira kumuposa adachilephera. Mu Novembala 2023 adagonja kwa Boakai ndi kusiyana kosafika mavoti awiri pa 100 alionse, mphamvu za boma zili m'manja mwake, m'dziko limene lidakhetsapo magazi ambiri pa nkhondo yapachiweniweni. Zotsatira zomaliza zisadalengezedwe adamuimbira foni Boakai kumuyamikira, n'kuuza omutsatira pawailesi kuti avomereze. Waluso amene adzabwere kwa ife mu 2030 tidzamufunsenso limenelo pamsonkhano, anthu onse akumva: kodi mukadzagonja muli pampando, mudzachoka mwamtendere?